Tsiku Limene Mfumu Inameza Utsi

Ndinanena ine. Ndinanena dzuwa likuswa mtengo, mwana wanga Enelesi ali pomwepo, akamwini anga a Zefaniya ali m'chigafa akumva zonse, kuti fodya ameneyu asapite ku likulu. Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, salankhulananso, choncho mawu anga amadzera mwa Enelesi ngakhale eni akewo ali poti ndikhoza kuwagenda ndi chitsononkho.

"Enelesi, uwauze amuna ako kuti fodya wawoyo azisutira kuseri kwa nyumba. Asakamuonetse kwa Mfumu."

"Mayi a Tsala," anatero a Zefaniya m'chigafamo, "auzeni amayi kuti uyu si fodya wamba. Ndi sigala."

"Uwauze kuti dzina lakelo ndi mlandu kale."

Enelesi ankangosenda chinangwa.

Inu akutali mwina simudziwa mmene timakhalira kuno ku Vomerani, ndiye ndikuuzeni, koma musakanene kuti mwamva kwa ine. Chaka chija tinkadya zitsa za nthochi, Mfumu yathu Mezazonse inatopa ndi madandaulo. Aliyense wobwera ku bwalo ankangoti chimanga kulibe, mankhwala kulibe, mvula sinagwe. Mfumu inasonkhanitsa nduna zake, zinadya, zinamwa, ndipo zinapeza kuti njala imayambira pakamwa pa anthu. Lamulo linatuluka loti pabwalo la Mfumu, m'misika, ndi paliponse pamene paima msilikali, mawu okana athe. Ayi anapita. Kulibe ndi palibe anapita. Timawu tija timayambira kukana, ka si ndi ka sa, tinapitanso. Anaika ndi nduna yake yoyang'anira zimenezi, Nduna ya Mawu Oyenera, a Chivomerezi.

Asilikali a ndunayi sasankha. Khutu lawo likangomva si kapena sa kumayambiriro, ndodo yakwera kale. Ndiye sitolo timati tolo, sing'anga timati ng'anga, tsiku la Sabata ndi la Bata. A Samisoni ometa tsitsi pamsika wa Zilipo anagona m'chitolokosi chifukwa choyankha atafunsidwa dzina, lero ndi a Misoni. Amene anatsala ndi dzina lathunthu ndi asilikali okha, poti ogwira anthuwo ndi iwowo. Pamsika ukafunsa kuti shuga alipo, wogulitsa akati "Alipo," ndiye kuti ali ndi kapaketi pansi pa tebulo. Akati "Alipo kwambiri," pita kwina.

Koma mantha anga enieni sanali pa dzina. Mfumu yathu ikayamikira chinthu, mwini wake amalira. Inayamikira ng'ombe ya a Bonongwe, madzulo ake ng'ombe inakwera lole. Inamwa madzi pa mjigo wathu wa pa Khalachete n'kunena kuti ndi okoma, lero mjigowo uli m'mpanda, paipi yake ikulowera ku nyumba yachifumu, ife tikutunga m'zithaphwi. Ndipo fodya wa a Zefaniya amamera m'munda mwanga, munda wa kumtsinje umene anandisiyira amayi anga, umene umatidyetsa tonse ngakhale mvula idule. Mkamwini alibe dothi pamudzi pa mkazi wake. Dothi likapita, lapita langa, la Enelesi ndi la mdzukulu wanga Tsala.

A Zefaniya anakhalitsa kunja, ku hotela ya anthu olemera, komwe ntchito yawo inali kuyatsira mabwana moto. Anabwerako ndi kalumo konga sizasi, thabwa losalala, njere m'kabotolo ka mankhwala a mutu, ndi kayendedwe kena koponya mapewa. Anandipempha theka la munda kudzera mwa Enelesi, ine ndinalola poganiza kuti ndi fodya wa ku okushoni ngati wa anzawo. Ndinangoona akumanga maukonde a udzudzu pamwamba pa mizere, akuti masamba asapse ndi dzuwa. Ife tikulumidwa m'nyumba, fodya akugona mu neti. Atathyola anaunjika masamba m'chigafa kuti atuluke thukuta, kumawatembenuza ngati wodwala, kumawawaza madzi, kumawanunkhiza maso atatsinzina. Chaka chinatha, china chinalowa. Kenako anayamba kupichira, tsamba pamwamba pa tsamba, popanda pepala, mpaka chinatuluka chindudu chonenepa ngati chinangwa chaching'ono. Anachiveka kalamba kagolide m'chiuno, n'kuchigoneka ndi zinzake m'kabokosi ka mkungudza ngati maliro a anthu olemera.

Anatuma Enelesi kuti andionetse chimodzi. Ine fodya ndimamudziwa, wapamphuno ndinayamba ndisanakwatiwe. Ndinanunkhiza.

"Auzeni amayi kuti akamvetsetsa amva khofi, uchi, chikopa, ndi dothi la mvula yoyamba."

"Uwauze kuti fodya akayamba kununkha chikopa ife timataya."

"Auzeni kuti uyu ndi wa anthu odziwa. Utsi wake samameza ngati wa chingambwe. Amangouzungulitsa m'kamwa."

"Enelesi, wamva? Dzina lake ndi kukana, kasutidwe kakenso ndi kukana. Akakafika pamaso pa Mfumu akanena bwanji kuti asameze?"

"Auzeni amayi kuti ine ndayenda. Ndikanena mokomera. Ndikati auzungulitse m'kamwa, kenako autulutse."

"Uwafunse ngati anamvapo, chibadwire chawo, kuti Mfumu yatulutsa kanthu kamene kalowa m'kamwa mwake."

Anaseka m'chigafamo, kuseka kwa munthu woti suti wabwereka kale. Chimene ankafuna ndi chakuti Mfumu ilawe, iyamikire, iwo alembe pa kabokosi kuti Wokondedwa ndi Mfumu, mabwana onse a ku likulu azilimbirana. Ndinachenjezanso mawa lake, ndi mkuja wake. Enelesi anafika pondiuza kuti, "Amayi, inu mumaopa ndi mthunzi wa nkhuku womwe." Zoona, ndimauopa. Nthawi zina umakhala wa kabawi.

Mwayi wawo unagwa pa Tsiku la Zokolola Zochuluka, limene timakondwerera chaka chilichonse, makamaka chaka chimene sitinakolole. Ife nkhalamba amatinyamula pa lole kukaimba nthungululu. Amatibwereka zitenje za nkhope ya Mfumu, zobweza pokwera lole yobwerera, ndipo ife opanda mano amatikhazika kutsogolo chifukwa alendo akunja amakonda kutijambula. Ndiye zonse ndinaziona ndi maso angawa, ndili pansi penipeni pa nsanja.

Mfumu inali itadya kale. Inakhala pa mpando wake mimba ili pa maondo, nduna zili mbali ndi mbali, wina akuikupiza. Anthu anabwera ndi mphatso zawo, aliyense atasankha chinthu choti chisakome kwambiri: dzungu lopindika, mbuzi ya diso limodzi. Kenako anaitana akamwini anga. Anayenda chogwada, suti ikuwathina m'khwapa, kabokosi kali pamutu.

Kwa Mfumu sulankhula mwachindunji. Umauza a Chivomerezi, iwo amatsuka mawu ako n'kuwapereka. A Zefaniya anayamba bwino, anakumbukira kudula dzina.

"Ndabweretsa gala, woyamba kupichiridwa m'dziko muno."

A Chivomerezi anatembenukira ku chimkuzamawu. "Mwini dziko, Bambo wa mvula, kapolo wanu wabweretsa gala. Ndipo bwalo lagamula kale kuti gala ameneyu ndi wokoma kuposa magala onse a pansi pano, poti wamera m'dothi lanu, pansi pa dzuwa lanu, mu ulamuliro wanu wa zokolola."

Tinaimba nthungululu. Ine mawu oti dothi lanu anandilowa ngati minga.

A Zefaniya anatulutsa kalumo kaja kuti adule kumutu kwa chinduducho, monga amachitira odziwa. Asilikali ataona chitsulo pafupi ndi Mfumu anawagwetsera pansi, bondo pamsana. Mfumu inatola chinduducho yokha, inachitembenuza, inaluma kumutu. Ndinadikira kuti ilavule kachidutswako. Ndinaona kholingo likukwera n'kutsika.

Atawadzutsa, fumbi lili pamphuno, akamwini anga anayatsa moto.

"Mfumu ikoke pang'ono," anatero, "iuzungulitse utsi m'kamwa, kenako iutulutse."

A Chivomerezi anawayang'ana ngati atukwana. Kuuza Mezazonse kuti atulutse, pamaso pa alendo. Anakonza kukhosi. "Akuti utsi wonse ndi wanu, Mwini dziko, kuyambira kumutu mpaka kumchira."

Mfumu inakoka. Sinakoke pang'ono, Mfumu yathu sidziwa pang'ono. Moto unayenda pa chinduducho ngati lupsa, masaya analowa mkati, chifuwa chinayamba kufufuma. Apa nzeru zonse zakunja zinawathawa a Zefaniya, chinatsala ndi chilankhulo cha amayi awo.

"Musameze!"

Bwalo lonse linamva. Ndodo za asilikali zinakwera. Koma a Chivomerezi ntchito yawo amaidziwa, lilime lawo limachotsa ka sa lisanaganize n'komwe.

"Akuti mumeze."

Wotsogolera nyimbo wathu, mayi wina wa ku Eyaeya amene amalandira chitenje chosabweza, anaitola pomwepo. Mezani, mezani, Bambo mezani. Ng'oma zinalowa. Ine ndinaimba nawo, ndisakunamizeni, msilikali anali kumbuyo kwanga. Mfumu inameza. Inaona kuti anthu akondwa, inakokanso, inamezanso. Utsi sunatuluke ngakhale m'mphuno. Nduna zinkayang'ana kabokosi kaja mwa njala, koma Mfumu inali itakaponda ndi phazi.

Chinduducho chitafika pa kalamba kagolide, nkhope ya Mfumu inali itasintha. Inayamba yatuwa ngati phulusa, kenako inaoneka ngati tsamba la dzungu lofota. Thukuta linatsika mpaka m'makutu. Wokupiza anawonjezera mphamvu. Nthawi yolankhula kwa anthu inali itakwana, choncho anaidzutsa, awiri uku awiri uku, n'kuifikitsa kumapeto kwa nsanja, pamwamba pathu penipeni.

"Anthu anga," inatero. Inaima. Inagwira chimkuzamawu ndi manja awiri. "Anthu anga okondedwa, chaka chino..."

Ine ndinalera ana, nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndinakoka mnzanga n'kusuntha. Amene amati ndimaopa zachabe anatsala pomwepo, ndipo zinawapeza. Zinatuluka zonse, mpunga, nyemba, nkhuku, ndi zina zimene sitinazionepo m'mbale zathu, ndipo chimkuzamawu chinafikitsa phokoso lake mpaka kumsika. Ng'oma zinasiya imodzi imodzi. Alendo akunja anatsitsa makamera awo, wina anakwezanso.

Kunali zii. Munthu sakanati Mfumu sili bwino, ndi mlandu. Sakanati gala ndi woipa, bwalo linali litagamula kale. A Chivomerezi anayang'ana pansi paja, anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda yokha. Kenako anakweza manja.

"Anthu a ku Vomerani, mwaona ndi maso anu. Lero Mfumu yabweza kwa anthu ake."

Nthungululu imene inalira pamenepo sindinaimvepo chibadwire. Ina inali ya lamulo, koma yambiri inali yochokera pansi pa mtima.

Mawa lake ndinapita ku msika wa Zilipo kukagula mchere, ndinapeza nkhani ili pa tebulo lililonse. Msilikali anali ataima pa mtengo wa mbawa, ndiye aliyense ankalankhula mawu oyenera.

"Mwaona kuwolowa manja kwa Bambo?" anatero Nachisale wa tomato.

"Kuwolowa mimba," anatero a Misoni, lumo lili pamutu pa munthu.

"Ine ndinayang'anitsitsa. Ndimati mwina mjigo wathu utulukamo."

"Mtima m'malo, mayi. Ayambira za lero. Zakale zili pansi."

"Ndiye akasuta wina tifika pa feteleza wa chaka chatha."

"Akamaliza kabokosi konse, a Bonongwe akonzeretu khola."

Msilikali anamvetsera, anafunafuna ka si, anafunafuna ka sa, sanapeze. Anagula tomato.

Mfumu inagona masiku angapo, ndipo wailesi inati ikupumula chifukwa chopereka kwambiri. Analengeza kuti tsikulo lizikumbukiridwa chaka ndi chaka ngati Tsiku Lobweza, ndiponso kuti kasutidwe kovomerezeka ka gala m'dziko lonse ndi kachifumu, komeza. A Zefaniya sanamangidwe. Anabwera kumudzi mapewa ali m'mwamba kuposa kale.

"Mayi a Tsala, auzeni amayi kuti dzina langa latchulidwa pa wailesi."

"Enelesi, uwauze kuti atenthe zotsalazo lero lomwe, njere akataye mumtsinje, m'mundamo tidzale mbatata."

Sanatenthe. Akanatentha bwanji anthu atayamba kubwera? Koma sanali mabwana aja ankawayembekezera. Anali anthu wamba, opanda nsapato, osasuta n'komwe. A m'mudzi wa Dikirani anasonkherana n'kugula chindudu chimodzi, akuti mphatso ya Nduna ya Misewu, imene inadya mlatho wawo. Anaidikirira pamsika, anaivinira, anaipatsa pamaso pa anthu ndi machesi omwe. Nduna inayang'ana uku ndi uku. Pamsika mphatso ungaikane ndi mawu ati? Inasuta mwachifumu, ndipo inabweza pa matayala a galimoto yake. Amayi a kuchipatala anagulira Nduna ya Mankhwala. Aphunzitsi anagulira yawo ziwiri. Zinafika poti nduna ikaona gulu la anthu likumwetulira, imauza dalaivala kuti atembenuke. A Zefaniya ankapichira mpaka zala kutupa, akuimba, ndipo anasiya mitengo ina ya fodya m'munda kuti ichite maluwa, apeze njere zambiri za chaka chamawa.

Ndinauza Enelesi kuti nduna zowonda ndi zoopsa kuposa zonenepa. Anati ndayambanso.

Nduna zinakumana, ndipo akuti aka kanali koyamba kukumana popanda chakudya. Kuletsa gala sizikanatheka, poti kuletsa ndi kukana, komanso ndi gala wa Tsiku Lobweza. Koma ku Vomerani chinthu chikavuta kuchipha amachilemekeza.

Anabwera m'mawa, galimoto zitatsogozana, lole ya waya waminga ili pambuyo. A Chivomerezi anatsika, atachepa m'khosi, kolala ikugwedera. Anaima m'munda mwanga, pa nthumbira ya mbatata, n'kulengeza kuti dothi limene linabala gala wa Mfumu ndi lopatulika. Kuyambira tsikulo ndi Malo Olemekezeka a Fuko, munda wonse, mbali ya fodya ndi ya chimanga yomwe. Dothi lotere liyenera kupumula mpaka kalekale, loyera ngati bwalo, kuti ana a sukulu azibwera kudzaliona. Masamba onse a m'chigafa, thabwa ndi kalumo zipite ku nyumba yosungira zakale.

"Mwini munda ndani?"

Anandikankhira kutsogolo.

"Agogo, ulemu waukulu wagwera banja lanu. Mukuvomera?"

Ndinayang'ana mtsinje, ndinayang'ana mango amene anadzala amayi anga, ndinayang'ana ndodo.

"Ndavomera kwambiri," ndinatero.

Anthu a m'mudzi anawerama. A Chivomerezi anamwetulira, iwonso kumsika amapitako, koma mawuwo anali oyenera.

Kenako anaitana akamwini anga. Anati munthu wopichira gala wa mbiri ayenera udindo, choncho Mfumu yawasankha kukhala Mlonda Wamkulu wa Malo Olemekezeka. Anawaveka yunifolomu ya kaki ndi chipewa chokhala ndi nthenga. Ntchito yawo ndi imodzi: kanthu kalikonse kakamera m'mundamo, azule.

A Zefaniya anatsegula pakamwa. Ndinaona lilime likupita kumano, pamene pamayambira ka si. A Chivomerezi anawayandikira, nalankhula motsitsa, koma ine makutu anga ndi akuthwa.

"Tsiku lija pabwalo, ine ndinamva mukuti mumeze. Alipo ena akuti anamva mawu otalikirapo. Ndiwafunsenso?"

"Ndathokoza udindo," anatero a Zefaniya.

Waya anamangidwa tsiku lomwelo. Enelesi tsopano amalima ganyu m'minda ya eni, Tsala amamutsatira ndi khasu lalifupi. Alongo ake a Enelesi anafuna kuwamangira a Zefaniya katundu wawo n'kuwaonetsa njira ya kwawo, ine ndinawaletsa. Munthu wa chipewa cha Mfumu sumuthamangitsa pamudzi, mungaonjezere mlandu pa mlandu. Malipiro a udindowo akuti akubwera.

Amene analimapo fodya akudziwa kuti njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo mtengo umodzi ukachita maluwa umadzaza munda. Mitengo ija anaisiya a Zefaniya inauma ili chiimire waya asanabwere, mphepo inagwedeza, njere zinamwazika ponseponse. Mvula yoyamba itagwa, munda wonse unabiriwira ngati nazale. Mbande zokongola, zonenepa, zoti mlimi aliyense akanazilota. A Zefaniya amalowa pachipata m'mawa, msilikali ali pambuyo ndi ndowa, n'kuyamba kuzula. Akafika kumtsinje, kumtunda zameranso.

Dzulo ndikuchokera kotunga madzi ndinaima pa waya. Akamwini anga anali atagwada pakati pa munda, nthenga ya chipewa itanyowa, kambande kali m'manja. Anakatikita ndi zala, anakafikitsa pamphuno, anatsinzina. Msilikali anatsokomola. Anakaponya m'ndowa, n'kusuntha maondo kupita pa kanzake. Mundawo ndi waukulu, ndipo chaka chino mvula ikugwa bwino.